Ndagula gitala yopanda magetsi ija

Mwezi watha ndinafunsa ngati woyamba kumene agule gitala wamba kapena yamagetsi. Zikomo nonse amene munandilangiza.

Ndinasankha wamba. Yamagetsi imafunanso ampulifaya (chokuzira mawu) ndi chingwe, ndipo kwathu kuno magetsi akazima, kuphunzira kukanaimanso.

Sabata ziwiri zoyamba zala zinkawawa kwambiri. Nditapita nayo kwa mmisiri, anapeza kuti mawaya anali atakwera patali ndi khosi la gitala. Anawatsitsa, n'kuika ena opyapyala. Kusiyana kwake kunandidabwitsa, abale. Mukamagula, yang'anitsitsani zimenezi.

Panopa nsonga za zala zalimba. Ndimaphunzira mphindi 20 madzulo aliwonse, ndipo makodi (kagwiridwe ka mawaya angapo pamodzi) a G, C ndi D ndikusintha osayang'ana. F ndiye yandikanika, chala cholozera sichikutha kupanikiza mawaya onse 6. Inu munaigonjetsa bwanji?