Speed test ikuti 50 Mbps koma call ikungochedwa, vuto ndi chani?

Kadzidzi_wa_IT:
Abale ndithandizeni kumvetsa izi. Kuntchito kwathu tili ndi intaneti ya setilaiti, ya dishi lalikulu losasuntha lija, ndipo ndikapanga speed test imaonetsa 40 mwina 50 Mbps, kudawunilodi fayilo yaikulu zimayenda bwinobwino, vidiyo ya pa YouTube ikangoyamba siimanso. Koma tikalowa miting'i ya pa Zoom kapena WhatsApp call ndi mavuto okhaokha, ndimayankhula mnzanga amakhala duu, ine ndimaona ngati sanamve ndiye ndimabwereza, nthawi yomweyo nayenso wayamba kuyankha, basi timangolankhula tonse pamodzi ngati tikukangana. Pa speed test pomwepo pali nambala ina ya ping, imati 640 ms. Kodi tikakweza kufika 100 Mbps zitheka? Abwana akufuna yankho mawa.

Mjomba_Waya:
Achimwene musawauze abwana kuti akweze, 100 Mbps sikonza zimenezo olo pang'ono. Vuto lanu lili pa 640 uja, poti ping ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwera, ndipo 1,000 ms ndi sekondi imodzi.

Tengani paipi ya madzi. Bandwidth, ma Mbps aja, ndi kunenepa kwa paipi, madzi angati angadutse pa sekondi. Latency, yomwe ping imayeza, ndi nthawi yomwe dontho loyamba limatenga kuti lituluke kumapeto mukatsegula mpope. Inu paipi yanu ndi yonenepa kale, koma ndi yaitali zedi. Dishi lanu silisuntha chifukwa limayang'ana setilaiti ya geostationary, yomwe ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, imazungulira limodzi ndi dziko ndiye imaoneka ngati yaima malo amodzi. Siginolo imathamanga pa liwiro la kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, palibe chimene chingapose pamenepo. Tsopano werengani ulendo wake: kuchoka pa dishi kukwera ku setilaiti, kutsika ku siteshoni ya pansi ya kampaniyo, kenako yankho likwerenso ndi kutsikira kwa inu. Maulendo 4 amenewo ndi makilomita opitirira 143,000, pafupifupi 480 ms, tisanaikepo za ma rauta ndi seva yomwe mukuifunayo. Ndiye 640 yanuyo sikuti china chawonongeka ayi, ndi mmene zimakhalira. Pa call anthu amayamba kumva kuchedwa mawu akamatenga kupitirira 150 ms kuti afike kwa mnzawo, inu mwapitirira kale kawiri.

YouTube imakunamizani chifukwa imadawunilodiratu masekondi angapo kutsogolo, mumangodikira poyambira pokha. Call singasungiretu mawu omwe munthu sanayankhulebe.

NaChisale_Net:
Zoona zimenezo a Mjomba. Ine ndiwonjezere za mawebusayiti, poti ndinavutikapo nazo. Tsamba lisanatseguke foni imayamba yafunsa DNS, buku la ma adilesi a pa intaneti, kuti adilesi ili kuti, kenako kupatsana moni ndi seva komwe amati TCP, kenako TLS, loko wa chitetezo wa https uja, chilichonse ndi ulendo wopita ndi kubwera. Pa faiba simuzindikira n'komwe, koma ulendo uliwonse ukamadya theka la sekondi mumangoona sikirini yoyera masekondi awiri atatu pomwe speed test ikuti 50. Makampani a setilaiti amaika kachipangizo kothamangitsa TCP mu modemu kuti abise kuchedwaku, koma mukayatsa VPN, pulogalamu yomwe imabisa zonse zomwe mukutumiza, kachipangizoko sikaonanso zomwe zikudutsa, ndiye zonse zimabwerera kukwawa. Ine sistimu ya akaunti ya kuntchito inkafuna VPN, kudina batani limodzi ndinkawerenga mpaka 5 lisanayankhe, ndinafika poganiza kuti laputopu yalowa vairasi, mpaka ndinaifomata pachabe.

Kadzidzi_wa_IT:
Eee VPN imeneyo nafenso timagwiritsa ntchito, ndiye ndi chifukwa chake! Nanga Starlink yomwe anthu akuitamayi si setilaitinso?

Mjomba_Waya:
Ndi setilaiti koma zili pafupi, zambiri zimauluka cha m'ma makilomita 500. Mtunda ukachepa chonchi ping imatsika kufika pa ma 25 mpaka 60 ms ngati siteshoni ya pansi siili kutali kwambiri ndi inu, ikakhala kutali imakwerako. Call imamveka bwino ndithu. Kungoti setilaiti zimenezi siziima, zimazungulira dziko pafupifupi mu ola limodzi ndi theka basi, dishi limangosinthasintha yomwe likulankhula nayo, ndiye pamafunika thambo loonekera bwino. Nthambi imodzi ya mtengo ikatchinga mbali ina mudzaona call ikuduka kamphindi kenako kubwerera, mobwerezabwereza.

NaChisale_Net:
Komanso bandwidth musaitaye kunja achimwene, nayo ili ndi mbali yake. Mphamvu ya setilaiti mumagawana ndi onse a m'dera lanu, madzulo aliyense akayatsa vidiyo liwiro limatsika, mvula yamphamvu nayonso imafooketsa siginolo. Ndipo yang'anani upload, imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi download. Wina muofesi akamatumiza mafayilo ku Google Drive nthawi ya miting'i, mawu anu amaima pamzere kumbuyo kwa mafayilowo, ping ya 640 imatha kudumpha kupitirira sekondi. Yesani ping kawiri, m'mawa anthu asanafike ndi masana onse ali pa intaneti, manambala awiriwo ndi omwe mukawaonetse abwana.

Kadzidzi_wa_IT:
Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndilawirira ndikayese ndisanalowe kwa abwana, ndidzaponya manambalawo pano.