Mafayilo 640 a InDesign: ndiwasandutse bwanji IDML ndi PDF onse pamodzi?

Wofunsa_Ginnery

Moni akuluakulu. Pali mafayilo a INDD (mtundu umene pulogalamu yokonzera mabuku ya InDesign imasungiramo ntchito) okwana 640, timabuku ta mpingo ndi makalata a mwezi ndi mwezi, ndipo ali m'mafoda 14. Onse anasungidwa ndi InDesign yatsopano. Akufunika m'mitundu iwiri: IDML (mtundu umene InDesign yakale imatha kutsegula), chifukwa amene azikawakonza ku Limbe ali ndi InDesign yakale ya CS6 yomwe siitsegula INDD yatsopano, komanso PDF yopita kwa osindikiza. Fayilo imodzi ikutenga mphindi 3 ukamachita pamanja, kutanthauza maola 32 munthu ali chikhalire pa kompyuta. Kodi pali njira yoti InDesign ichite yokha ntchito yonseyi?

Mkonzi_wa_Masamba

Njira ilipo achimwene, ndi script, kapulogalamu kakang'ono kouza InDesign zochita. InDesign imamva JavaScript, ndipo fayilo yake imathera ndi .jsx. Pitani pa Window, kenako Utilities, kenako Scripts. Pa foda yolembedwa User dinani batani lakumanja la mbewa, musankhe Reveal in Explorer, ndipo script yanu muiike m'menemo.

Musanalembe chilichonse, konzani kaye PDF preset yanu (malangizo osungidwa a momwe PDF izitulukira) pa File, Adobe PDF Presets, Define. Afunseni osindikizawo chimene akufuna. Ambiri amalandira PDF/X-1a, yomwe imasandutsa mitundu kukhala CMYK (mitundu inayi ya inki yosindikizira) ndi kuphwatalitsa zonse zoonekera mkati; ena amakonda PDF/X-4. Ikani bleed (kachigawo kopitirira m'mphepete mwa tsamba, komwe mpeni umadzadula) ya mamilimita 3, musankhe Pages osati Spreads, chifukwa kusanja masamba pa pepala lalikulu ndi ntchito ya osindikiza. Preset imeneyi muitche dzina, mwachitsanzo Osindikiza.

Mtima wa script ndi mizere iyi, yobwerezedwa pa fayilo iliyonse:

app.scriptPreferences.userInteractionLevel = UserInteractionLevels.NEVER_INTERACT;
app.pdfExportPreferences.pageRange = PageRange.ALL_PAGES;
var doc = app.open(fayilo, false);
doc.exportFile(ExportFormat.INDESIGN_MARKUP, File(dzina + ".idml"));
doc.exportFile(ExportFormat.PDF_TYPE, File(dzina + ".pdf"), false, app.pdfExportPresets.itemByName("Osindikiza"));
doc.close(SaveOptions.NO);

Mzere woyamba umatontholetsa mauthenga onse a InDesign. Popanda iwo script imaima pa fayilo yoyamba yomwe ili ndi vuto, kudikira kuti wina adine OK. Wachiwiriwo musaudumphe. Preset siisunga kuti masamba otuluka ndi ati, ndiye ngati komaliza munatulutsa masamba 1 mpaka 4 okha, ma PDF anu onse akhoza kutuluka ndi masamba anayi. Liwu loti false pa app.open limatsegula fayilo popanda kuionetsa pa sikirini, ndipo ntchito imathamanga. SaveOptions.NO imateteza mafayilo anu oyambirira kuti asasinthidwe.

Zinthu ziwiri zimakola anthu. getFiles("*.indd") imangoyang'ana mu foda imodzi, siilowa m'mafoda am'kati, choncho lembani function yodziitana yokha ikapeza foda ina. Chachiwiri, pomaliza bwezerani userInteractionLevel ku INTERACT_WITH_ALL. Muike zimenezi mu finally (gawo la script lomwe limayendabe ngakhale pachitike vuto), chifukwa script ikafera pakati, InDesign imatsala yosayankhula: mudina china chake, bokosi lomwe limayenera kutseguka osatseguka.

Ngati kulemba nokha kukuvuta, pali script yaulere ya Peter Kahrel yosandutsa mafayilo ambiri nthawi imodzi, ndipo imalowa m'mafoda am'kati.

Prepress_Chirimba

Zonse zomwe anena akuluwa ndi zoona, koma mundilole nditsindike pamzere woyamba uja, chifukwa ndi pamene mapepala amaonongekera. Mauthenga amene mukuwatontholetsa ndi omwewo amene amakuuzani kuti fonti kulibe kapena chithunzi chasowa. Script idzatulutsa ma PDF 640 bwinobwino osadandaula, ndipo cholakwika mudzachiona mabuku atasindikizidwa kale. Ndiye script iziyamba yafufuza, ndi kulemba zomwe yapeza mu fayilo ya .txt, isanatulutse kanthu.

Yambani ndi zithunzi. Pa doc.links yang'anani status ya chilichonse. Ikakhala LINK_MISSING, InDesign imaika mu PDF kachithunzi kochepa mphamvu komwe imasunga pongoonetsera, ndipo papepala kamatuluka kosweka m'timabokosi. Fayilo yotero isatulutsidwe PDF, ingolembedwa dzina. Ikakhala LINK_OUT_OF_DATE, itanani update() musanapitirire.

Mafonti ndiye nkhani yaikulu kwa ife olemba Chichewa. Fonti ikasowa, status yake imakhala NOT_AVAILABLE ndipo InDesign imalowetsa ina m'malo mwake. Zilembo za fonti inayo zimasiyana kukula, mizere imasuntha, ndipo ndime yomaliza ikhoza kusefukira kunja kwa bokosi n'kusaoneka. Izi mumazigwira ndi overflows pa story iliyonse (mawu olumikizana oyenda m'mabokosi): ikakhala true, mawu ena adulidwa. Koma pali china chobisika kuposa pamenepa. Mafonti ambiri, makamaka akale, alibe chilembo cha ŵ. Timabuku ta mpingo tambiri tinalembedwa Malaŵi, maŵa, aŵiri, ndipo fonti yopanda chilembochi imasiya mpata kapena kabokosi. Status ya fonti idzakuuzani kuti zonse zili bwino, poti fontiyo ilipodi, chilembo chokhacho ndiye mulibe. Konzani Preflight profile (mndandanda wa zolakwika zoti InDesign izifufuza) yomwe mwachonga Glyph Missing, ndipo script iziyendetsa profile imeneyo pa fayilo iliyonse.

Dziwaninso kuti kuyambira mu Januwale 2023, Adobe, kampani yopanga InDesign, inasiya kulandira mafonti a mtundu wakale wa Type 1. Mafayilo akale omwe anagwiritsa ntchito amenewa amaoneka ngati fonti yasowa ngakhale ili mu kompyuta. Pamenepo pezani fonti yomweyo ya mtundu wa OpenType, musinthe ndi Find/Replace Font, ndipo masamba muwaone ndi maso chifukwa mizere ikhoza kusuntha.

Za bleed: kulemba mamilimita 3 mu preset sikutambasula chithunzi. Ngati wokonza anaimika chithunzi m'mphepete mwa tsamba penipeni, mpeni ukaphonya pang'ono pamatsala kamzere koyera. Script siingakonze zimenezo.

Wofunsa_Ginnery

Zikomo kwambiri akuluakulu, zamveka. Nanga magetsi akathima ntchito ili pakati, ndiyambirenso pachiyambi? Komanso a ku Limbe aja ndiwatumizire IDML yokha?

Mkonzi_wa_Masamba

Ayi, simuyambiranso. Script isanatsegule fayilo, iziona ngati PDF ndi IDML yake zilipo kale, ndi .exists, ndipo zikakhalapo izidumpha. Chenjezo n'lakuti fayilo yomwe imalembedwa panthawi imene magetsi amathima imatsala yosamalizika koma dzina lake lilipo, ndiye idzadumphidwa ngati yabwino. Onani dzina lomaliza mu .txt ija, mufufute PDF ndi IDML yake, muyambitsenso. Fufutaninso timafayilo ta .idlk (tosonyeza kuti fayilo ndi yotsegula) totsalira m'mafoda InDesign ili yotseka. Musayendetse zonse 640 ulendo umodzi. Foda imodzi ikatha, tsekani InDesign n'kuitsegulanso, chifukwa imanka ilemera. Mafayilowo muwakopere kaye mu kompyuta, osagwirira pa flash.

Maina a mafayilo nawo amapusitsa. fayilo.name imabweza %20 pamene pali mpata, ndipo ŵ amasanduka zizindikiro zachilendo. Gwiritsani ntchito decodeURI kuti dzina libwerere mwakale. Mafayilo awiri a dzina lofanana, monga Kalata_Meyi a zaka zosiyana, amafufutana akagwera mu foda imodzi, choncho phatikizani dzina la foda kutsogolo.

IDML yokha siikwanira. Zithunzi zolumikizidwa sizikhala m'katimo, mafontinso ayi. Tumizani pamodzi ndi foda ya Links momwe muli zithunzizo, ndipo mafonti akhale nawo iwowo mwachilolezo. Muwapatsenso PDF kuti aziyerekeza, chifukwa CS6 ndi ya 2012: chilichonse chimene InDesign inawonjezera pambuyo pake chimatayika kapena kusintha, ndipo mizere ikhoza kuduka malo ena. IDML imatseguka ngati fayilo yatsopano yopanda dzina, ndiye aisunge msanga ngati INDD.

MayiWaMabuku_Ndirande

Ndiwonjezereko pang'ono, achimwene. Musanayendetse pa zonse, sankhani mafayilo 10: akale kwambiri atatu, atsopano atatu, ndi anayi odzaza zithunzi. PDF iliyonse muitsegule mu Acrobat, pa Properties muone kuti mafonti onse alembedwa Embedded (kutanthauza kuti alowa mu PDF), ndipo muwerenge masamba ngati akufanana ndi a INDD. Script ikhoza kulemba doc.pages.length mu .txt kuti kuyerekezako kusavute. Kabuku kolumikiza ndi mawaya pakati kamafuna masamba ogawika ndi 4. Uzani script ikuonetseni tonse tomwe sitikugawika, musanapite nato kwa osindikiza.

Ngati m'mafodamo mwasakanikira mafayilo a pulogalamu yakale ya PageMaker, InDesign yatsopano siiwatsegula. Amenewo muwapatule apite ku Limbe, chifukwa CS6 imawatsegula, ndipo akawasunge kukhala INDD kumeneko.