Ndithandizeni: ma Gazette akale a za malo ndingawapeze kuti muno mu Lilongwe?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikufufuza momwe minda ya makolo kumadzulo kwa Lilongwe inalowera m'kaundula wa boma pambuyo pa malamulo a malo a 1967, nthawi ija mabanja ankalembetsa malo awo ngati ndunda, mkulu mmodzi n'kuimira abale onse.

Registered Land Act yeniyeniyo, limodzi mwa malamulowo, ndaipeza pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo a Malawi, pamodzi ndi zigamulo zingapo za khoti. Pamene pandikola m'pakuti lamulo limangonena kuti nduna ilengeza dera, koma dera lake, malire ake ndi tsiku lake zili m'zidziwitso za mu Gazette, chikalata chimene boma limasindikizamo zilengezo zake. Popanda zimenezo ndingolemba za m'maluwa. Kodi laibulale ya National Library Service ku City Centre imasunga ma Gazette omangidwa chaka ndi chaka, kuyambira 1967 mpaka cha m'ma 1975? Kapena ndingokonzekera ulendo wa ku National Archives ku Zomba? Thiransipoti yake masiku ano si yamasewera.

Ndikufunanso Hansard (buku la zokambirana za aphungu) ya 1967, ndimve zimene aphungu ananena pokambirana mabiluwo Nyumba ya Malamulo ikadali ku Zomba. Munthu wamba amaloledwa mu laibulale ya ku Nyumba ya Malamulo, kapena pamafunika kalata ya kusukulu?

Amene munapitako ku Archives, ndiuzeniko: amalola kujambula mapepala ndi foni? Nanga mafayilo a ma DC mumawaitanitsa ndi nambala kapena dzina la boma?