Dengu la Amikmaq: kodi kunenerera mtengo n'kulakwa?

Nachisale_Halifax:
Abale, mwezi wamawa ndikupita ku chilumba cha Cape Breton, ku Nova Scotia m'dziko la Canada, ndipo ndikufuna kukafika ku mudzi wa Eskasoni. Cholinga changa ndi dengu loluka la anthu a mtundu wa Mi'kmaq, eni nthaka a kumeneko. Koma mitengo yomwe ndaona pa intaneti yandiumitsa pakamwa, kadengu kokwana m'manja madola a ku Canada oposa 100! Kodi munthu akanenerera amakhumudwa? Nanga ndingadziwe bwanji kuti ndi lenilenidi?

Bambo_a_Tadala:
Mayi, musakanenerere, mungakachite manyazi. Ine ndinaonerera mayi wina wachikulire akukonza zolukira. Mtengo wake ndi black ash, eni ake amati wisqoq. Amayamba ausankha wowongoka, wopanda mfundo, kenako kuumenya ndi kumsana kwa nkhwangwa mpaka matabwa ake ayambe kusendeka m'mizere ya zaka za mtengowo. Mzere uliwonse amaung'amba pakati ndi mpeni, n'kuupala pabondo mpaka usalale ngati nsalu. Apo kuluka sikunayambe n'komwe. M'mphepete ena amakulungamo udzu wonunkhira wa sweetgrass, ndipo fungolo limakhala zaka.

Komanso mtengowo ukusowa. Ku Nova Scotia uli m'gulu la mitengo yomwe ili pangozi yotha, ndipo kachilombo ka emerald ash borer, kamene kamafukula pansi pa khungwa, kanapezeka ku Bedford mu 2018. Ena amachita kukaufuna kutali. Ndiye mukadandaule za madola 100?

Chifundo88:
Pa za lenileni, funsani dzina la woluka ndi mudzi wake. Wogulitsa akayamba kuzembazemba, tulukani. Ku Eskasoni kuli ulendo wa pa Goat Island, m'nyanja ya Bras d'Or, komwe anthu a pamudzipo amakuonetsani okha luso lawo ndi magule. Amatsegula nyengo yotentha, choncho muyambe mwaimba foni. Mukadutsenso ku Membertou Heritage Park ku Sydney ya ku Cape Breton komweko, kapena ku Millbrook pafupi ndi Truro, pamene pali chiboliboli chachikulu cha Glooscap, ngwazi ya m'nthano za Amikmaq. Ine zimene zimandisangalatsa kuposa madengu ndi timabokosi ta khungwa la mtengo wa birch topetedwa ndi minga ya nungu. Koma timeneto ndiye todula koposa.

Bambo_a_Tadala:
Ndinaiwala: musajambule munthu musanapemphe. Miyambo ina, monga yofukiza utsi, nthawi zambiri salola kamera.

Nachisale_Halifax:
Zikomo nonse. Ndikatenga kakang'ono komweko. Achimwene, limafuna kupakidwa mafuta kapena kungolisiya?

Bambo_a_Tadala:
Lisiyeni. Musangoliika padzuwa kapena pafupi ndi hita, limauma n'kuthetheka.