Kamwala mu impso: bwanji andiletsa mchere m'malo mwa usipa?

MwanaWaKunyanja: Anzanga, ndithandizeni kumvetsa. Sabata yatha ululu unandigwira kumsana chakumanzere, usiku wonse ndikugubuduka pamkeka, mayi a ana mpaka anayamba kulira. Atandijambula kuchipatala anati ndi kamwala mu impso, ka kashiamu. Ine ndimati basi, usipa ndi mkaka ndatsanzikana nazo, poti zili ndi kashiamu wambiri. Koma adokotala angoti chepetsani mchere, imwani madzi ambiri, usipawo pitirizani. Mchere ukulowa bwanji pa nkhani ya kashiamu?

NamwinoWopuma: Pepani bambo, ululu umenewo ndimaudziwa. Adokotalawo sanalakwitse. Impso zimasefa madzi a m'magazi pafupifupi malita 180 patsiku, ndipo m'madzimo mumapita kashiamu wokwana magalamu 10. Wonseyo akanati azituluka, mafupa anu akanatha kalekale. Ndiye timachubu ta mu impso timamubweza m'magazi, kupitirira 98 pa 100 alionse. Kumayambiriro kwa kachubu, komwe wambiri amabwerera, kashiamu amangotsatira sodiyamu, amene ali mu mchere. Mukadya mchere wambiri, impso zimasiya sodiyamu wochuluka apite mumkodzo, kashiamu naye n'kumulondola. Mkodzo ukachepanso chifukwa chosamwa madzi, amaundana, kamwala kaja n'kuyamba.

Chakumapeto kwa kachubu ndiye kuli wolamula: homoni yochokera ku tiziwalo tinayi ta pakhosi, kuseri kwa chithokomiro. Kashiamu akatsika m'magazi, imauza maselo kuti atsegule tizipata, abweze wotsalayo.

Gogo_wa_BP: Zoonadi mayi. Ine ndimamwa HCT wa kuthamanga kwa magazi, ndipo a kiliniki anandiuza kuti amachepetsanso kashiamu mumkodzo. Koma achimwene, osakagula nokha mutamva zimenezi, mufunse kaye.

NamwinoWopuma: Eya agogo. Ndinaiwala za usipa. Timiyala tambiri ndi kashiamu wophatikizana ndi oxalate, amene amachuluka m'masamba ngati bonongwe ndi sipinachi. Mukadya usipa pamodzi ndi bonongwe, kashiamu wa mu usipa ndi oxalate amagwirana m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi. Mukasiya usipa, oxalate amalowa m'magazi yekha, n'kukakumana ndi kashiamu ku impso komweko.

MwanaWaKunyanja: Ndiye wolakwa ndi tchipisi cha pachiwaya chija, chomwe ndimathira mchere wodzadza chikhatho tsiku lililonse ndikaweruka. Zikomo mayi. Botolo la malita awiri ndagula kale, lili pansi pa tebulo kuntchito.