Driver wa SD card akufera pa error -110, ndalakwitsa pati?

kabodi_arm:
Abale ndithandizeni, sabata yachitatu ino ndikulimbana ndi driver wa SD controller pa kabodi kanga ka ARM. Linux ikuyaka bwinobwino koma ndikangolowetsa khadi dmesg (yoonetsa mauthenga a kernel ya Linux) ikulemba "error -110 whilst initialising SD card" basi zathera pomwepo. Khadi lomweli pa laputopu likuwerengeka. Mutu waima.

nyenyezi_k:
-110 ndi timeout achimwene. Yambani ndi clock, poyambirira khadi limafuna osapitirira 400 kHz, 25 MHz imabwera pambuyo. Ine ndinagusa masiku anayi, nditaika oscilloscope pa CLK ndi pomwe ndinaona kuti divider yanga ya clock mu set_ios (function ya driver yoika liwiro la clock) ndinawerengera molakwika.

mlonda77:
Clock ayione inde koma ine ndikukayika, uthenga umenewo umatuluka khadi litayankha kale lamulo loliyambitsa la ACMD41, ndiye waya wa malamulo (CMD) uli moyo. Nkhani ili pa data. Kernel imawerenga SCR (register ya khadi yonena zomwe limatha) ndi lamulo la ACMD51, timabyte 8 tokha kudzera pa waya wa data wa DAT0, ndiye ngati code yanu ikungoganiza kuti block iliyonse ndi ma byte 512 controller ingodikirira mpaka kale. Zimitsani kaye DMA (kusamutsa data osadzera pa CPU) muyese PIO (CPU kusamutsa yokha), muonenso pinmux (kagawidwe ka ntchito za ma pin) ndi ma pull-up mu device tree (fayilo yofotokozera kernel za kabodi).

nyenyezi_k:
Komanso mwatsimikiza kuti controller yo si ya SDHCI kapena DesignWare? Mitundu imeneyi ili ndi ma driver kale mu Linux, mwina dw_mmc, driver wa DesignWare, ikukwanirani kale.

kabodi_arm:
Akulu mlonda77 mwalasa, 512 ndinailemba ndekha mu register m'malo motenga data->blksz (kukula kwa block komwe kernel yapempha). Ndakonza, khadi laoneka, mmcblk0 yatuluka! Kulemba ndi DMA kokha ndiye kukuwonongabe mafayilo, mawa ndiona dma_map_sg (function yokonzera DMA memory).