Mabuledi a hacksaw akungothyoka m'manja mwa ana a Fomu 3

Mphunzitsi wa Metalwork, Dedza

Aphunzitsi anzanga ndi amisiri nonse, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu wandiima. Teremu ino ana anga a Fomu 3 akupanga timipando ta square tube ya 25 mm, ija yopyapyala ya 1.2 mm, ndipo paketi yonse ya mabuledi imene sukulu inagula yatsala pang'ono kutha, ntchito isanafike ndi pakati pomwe. Ena akuthyoka pakati penipeni, pomwe ena akungoguluka mano n'kutsala osalala. Mabulediwo ndi a 18 TPI (mano 18 pa inchi imodzi), mafulemu ndi akale koma wing nut imamanga bwinobwino, ndipo mavaisi amene akugwira ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ana, kotero ena amadula mnzawo atawagwirira chitsulo pabenchi. Ndalama zogulira paketi ina zipezeka kamodzi kokha, choncho ndikufuna kudziwa chogula ndi chosintha ndisanazitaye.

Wowotcherera, Ndirande

Aphunzitsi, mukudzivutitsa chabe. Gulani grinder yaing'ono ya 115 mm ndi madisiki odulira a 1 mm, ndipo ntchito imene ikukutengerani teremu yonseyo idzatha tsiku limodzi lisanafike masana. Kuno palibe amene amadula square tube ndi hacksaw, ndipo mwana amene mukumuphunzitsayo akadzabwera kudzafuna ntchito, chinthu choyamba chimene tidzamupatse m'manja ndi grinder.

Mphunzitsi wa Metalwork, Mzuzu

Achimwene a ku Dedza, yankho mwalitchula nokha pamene mwati 18 TPI. Mano 18 pa inchi imodzi akutanthauza kuti kuchokera pa dzino lina kufika pa linzake pali pafupifupi 1.4 mm, pamene khoma la chubu chanucho ndi 1.2 mm. Sowo ikangoboola pamwamba n'kuyamba kutsika m'makoma awiri a m'mbali, khomalo limalowa lonse pakati pa mano awiri, ndiye mwana akakankha ndi mphamvu dzino limakola n'kuguluka, ndipo likaguluka limodzi otsatira ake nawonso amapita. Lamulo limene tonse tinaphunzira ndi loti mano osachepera atatu azikhudza chitsulo nthawi imodzi. Buledi ya 18 isiyireni round bar ndi flat bar yokhuthala, ya 24 ikhale ya angle iron, ndipo pa ntchito yanuyi gulani ya 32, imene mano ake atalikirana pafupifupi 0.8 mm.

Komabe ngakhale ya 32 sikwanitsa mano atatu pa khoma la 1.2 mm ngati mwana akudula molunjika pansi. Ana anga ndimawalembetsa mzere ndi try square ndi scriber mbali zonse zinayi, amadula mbali imodzi sowo itagona pang'ono kuti mano ambiri ayende pamalo afulati, kenako amamasula vaisi, amatembenuza chubu n'kudula mbali yotsatira. Zimachedwa, koma mzere umatuluka wowongoka ndipo buledi imakhalitsa.

Mlangizi wa ntchito zamanja, Lilongwe

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Mzuzu pa nkhani ya kuguluka kwa mano, koma kuthyoka pakati kuli ndi chifukwa china, ndipo ine chandidetsa nkhawa ndi chija mwanena kuti ana amagwirirana chitsulo. Chitsulo chikagwedera, buledi imapotoka mkati mwa mdulidwe, ndipo ngati munagula mtundu uja wouma paliponse, umene timati all-hard, supindika koma umathyoka n'kuuluka, ndipo kachidutswa kake kakhoza kulowa m'diso la wogwirirayo. Funsani bimetal kapena flexible, mitundu imene imatha kupindika osathyoka msanga, ngakhale mtengo wake ukhale wokwererapo. Chubu chimangidwe mu vaisi, mzere wodula ukhale pafupi ndi nsagwada zake, ndipo amene alibe vaisi adikire kapena apatsidwe ntchito yolemba mizere.

Onaninso zinthu zing'onozing'ono zimene ana sanena. Mano aloze kutsogolo, mphamvu iikidwe pokankha basi osati pobweza, buledi igwiritsidwe ntchito utali wake wonse wa 300 mm, ndipo mwana asapitirire maulendo 40 kapena 50 pa mphindi imodzi, chifukwa anyamata amakonda kupikisana. China n'chakuti buledi ikathyoka, asalowetse yatsopano mumpata umene yakaleyo inasiya, popeza mano a yakale anali atatha m'mbali ndipo mpatawo ndi wopapatiza, kotero yatsopanoyo imakanirira n'kuthyokanso nthawi yomweyo. Atembenuze chitsulo n'kuyambira mbali ina.

Wowotcherera, Ndirande

Zonsezi ndi zoona, koma mukuwerengerana mano a sowo pamene dziko linasiya kale zimenezo. Ndalama za mabuledi a bimetal mukaziphatikiza chaka chonse zikhoza kugula grinder.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba

Bambo a ku Ndirande, inu grinder mumaigwira tsiku ndi tsiku ndipo muli ndi anyamata awiri kapena atatu amene mumawaona ndi maso anu, koma mphunzitsiyu ali yekha pakati pa kalasi yonse. Grinder ya 115 mm imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo disiki ya 1 mm ikapanikizika mumpata siichenjeza munthu. Ndinaona ndi maso anga pamalo ena owotcherera mnyamata atachotsa guard kuti aikemo disiki yaikulu imene inatsala ku grinder ya 230 mm, osadziwa kuti madisiki amenewo anapangidwira liwiro la pafupifupi 6,500. Inaphulika asanamalize kudula, chidutswa china chinamung'amba tsaya kuyambira pakamwa mpaka pafupi ndi khutu, china tinakachipeza chitaboola lata la denga. Ambiri sadziwanso kuti madisiki amenewa ali ndi nthawi yothera ntchito, yodindidwa pa kachitsulo ka pakati paja, ndipo amene akhalitsa pachinyezi m'sitolo ya sukulu sayenera kukhulupiriridwa.

Kuwonjezera apo, pa mayeso a MSCE mwana amayenera kuonetsa kuti amatha kulemba mzere, kudula ndi kusalaza ndi manja ake, ndipo amene anazolowera makina amaonekera pa ntchito yake.

Mphunzitsi wa Metalwork, Mulanje

Popeza tafika pa ngozi, ine chimene chimandisowetsa tulo si hacksaw koma pillar drill, makina oimirira aja oboolera zitsulo. Mtsikana wina anagwira kachidutswa ka lata ndi dzanja poboola, ndipo pamene biti imatulukira pansi inakola latalo n'kuyamba kulizunguza, moti linamucheka zala ziwiri mnzake asanafike pozimitsira. Kuyambira pamenepo palibe amene amaboola asanamenye centre punch ndi kumanga ntchito yake mu machine vice, chuck key, kiyi yomangira biti ija, imakhala m'thumba mwanga, ndipo mataye, majuzi a manja aatali ndi magolovesi safika pafupi ndi makinawo. Makolo ena amadabwa kumva kuti ndimaletsa magolovesi, koma pa chinthu chozungulira golovesi ikakodwa imakoka dzanja lonse. Yang'ananinso tupa aliyense wopanda chogwirira, chifukwa nsonga yake imalowa m'chikhatho, ndiponso matchizulo amene mitu yawo yaphwasuka ngati bowa.

Mphunzitsi wa Metalwork, Dedza

Zikomo nonse. Ndaona pa paketi ndipo palembedwa HSS (high speed steel) basi, palibe mawu oti bimetal. Kodi mabuledi a 18 ochepa amene atsalawa ndingawagwiritse ntchito pa chubu chomwechi ndikaika thabwa mkati mwake, kapena ndingowasunga?

Mlangizi wa ntchito zamanja, Lilongwe

Thabwa lolowa mothina limathandiza kuti chubu chisaphwanyike mu vaisi komanso kuti sowo isatsike mwadzidzidzi, koma silisintha kutalikirana kwa mano, choncho asungireni ntchito ya flat bar. Musaiwale magalasi oteteza maso, ngakhale pa ntchito ya pabenchi.

Wowotcherera, Ndirande

Ine sindinanene kuti mwana aliyense apatsidwe grinder. Aphunzitsi adule okha zidutswa zonse madzulo, guard ili pamalo pake, ndipo ana apeze zodulidwa kale kuti aphunzire kuwotcherera, kumene kuli ndalama.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba

Magetsi akazima tsiku la ntchitoyo, kalasi yonse idzakhala ikuyang'ana grinder yanuyo. Ndipo popeza mwatchula kuwotcherera, ndifunse a ku Dedza kuti chubu chawocho ndi chakuda kapena ndi galvanised, chokutidwa ndi zinc, chifukwa utsi wa zinc m'chipinda chopanda mpweya wokwanira umadwalitsa ana litsipa, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi usiku wake, ndipo makolo amathamangira nawo kuchipatala poganiza kuti ndi malungo. Kodi wokoshopu yanuyo mawindo ake amatseguka?